Piritsi Limodzi Asanatsegule Botolo

Chizindikiro choyamba chinali chilungulira. Unali mwezi wa Okutobala, nthawi imene kuno ku Mangochi kumatentha mpaka munthu kusowa pokhala, pamene amuna anga, bambo a Tadala, anayamba kudandaula kuti akangodya pachifuwa pamawotcha. Ankageya pafupipafupi, madzi owawasa n'kumabwerera kukhosi. Poyamba tinaganiza kuti ndi tsabola, chifukwa iwo utaka kapena chambo sankadya popanda kambuzi. Ndinasiya kuika tsabola m'ndiwo, koma kutentha kuja sikunasiye. Kunatsikira m'munsi pang'ono, pamene nthiti zimakumana, ndipo kunkakula kwambiri m'mimba mukakhala mulibe kanthu.

Dzina langa ndine Felista. Ndimasoka zovala pakhonde la nyumba yathu kwa Mponda. Amuna anga amagulitsa zakumwa pa bala ya loji ina ya m'mbali mwa nyanja, njira ya ku Makokola, ndipo amapita ndi kubwerera pa njinga yamoto. Ndikufotokoza za matenda awo atandilola okha, chifukwa zimene zinatigwera zikhoza kugwera banja lililonse limene muli munthu wodwala m'mimba amenenso amamwa mowa.

Sindinganene kuti bambo a Tadala anali chidakwa. M'zaka zonse za ukwati wathu sanagonepo mumsewu, sanandikwezerepo dzanja, ndipo ana sanagonepo ndi njala chifukwa cha mowa. Koma ntchito ya pa bala ili ndi chizolowezi chake. Mlendo akasangalala amati, tengani limodzi lanu. Mabotolo amenewo ankawasunga n'kumwa akaweruka, awiri kapena atatu, nthawi zina ndi toti ya jini. Lolemba, tsiku lawo lopuma, ankakakhala ndi anzawo masana pamsika. Kwa ine zimenezi zinali mbali ya moyo wathu, ndipo sindinaganizepo kuti zikugwirizana ndi kutentha kwa pachifuwa kuja.

Tinayamba ndi zimene aliyense amayamba nazo. Ankasungunula soda wophikira therere m'kapu ya madzi n'kumwa, ndipo ululu unkazilala kwa kanthawi. Ena anati azimwa mkaka wozizira. Ena anabweretsa makungwa oti tiviike. Pofika mu Novembala anali atayamba kusiya chakudya pakati, chifukwa ankaopa zimene zinkabwera pambuyo pake. Ndinawakakamiza kuti apite kuchipatala chaching'ono cha pafupi ndi kuntchito kwawo. Ine sindinapite nawo, chifukwa ndinali ndi mayunifolomu a kwaya oti ndimalize.

Anabwerako ndi mapiritsi a mitundu iwiri. Ena anali oyera, otafuna, oziziritsa msanga. Ena anali omeza, otchedwa simetidini, ndipo anati ntchito yake ndi kuchepetsa asidi wa m'mimba. Nditafunsa zimene adokotala ananena, anandiuza kuti awaletsa tsabola, zokazinga ndi tiyi wamphamvu. Pambuyo pake ndinadzamva kuti anawaletsanso mowa ndi mapiritsi ena opha ululu, komanso anawauza kuti abwererenso mankhwala akatha. Zimenezo sanafike nazo kunyumba. Akuti ankaganiza kuti madokotala amaletsa mowa aliyense, ngakhale wobwera ndi chilonda chakuphazi.

Mapiritsi aja anagwira ntchito mofulumira. Sabata isanathe, kutentha kunatha, anayambanso kudya bwino, ndipo tonse tinati matenda atha. Kwa masiku angapo sanamwe mowa. Tsiku lina anayesa botolo limodzi atameza piritsi, ndipo sanamve chilichonse. Apa m'pamene panayambira vuto lenileni. Anaona ngati apeza njira: kumeza piritsi asanatsegule botolo. Mankhwala a kuchipatala atatha, anakagula ena kufamase ya m'tauni, ndipo ankayenda nawo m'thumba la malaya. Ine pochapa ndinkawatulutsa n'kuwaika pawindo kuti asanyowe, ndikuthokoza mumtima kuti pali mankhwala owathandiza.

Mu Disembala ku nyanja kumadzaza alendo, ndipo ntchito inachuluka. Ankadya mochedwa, nthawi zina osadya n'komwe, koma mabotolo a alendo osangalala anachulukanso. Ndinayamba kuona zinthu zachilendo. Munthu amene kale mabotolo awiri sankamusintha, tsopano ankafika lilime litalemera, maso atafiira, n'kumalephera kuimika njinga bwinobwino. Ndikafunsa ankalumbira kuti amwa awiri okha, ndipo ine sindinkawakhulupirira. Tinakanganapo kangapo pa nkhani imeneyi. M'mawa ankadzuka ndi matsire amene kale sankawadziwa, n'kumeza burufeni kapena asipirini kuti mutu usiye, kenako n'kunyamuka m'mimba mulibe kanthu.

Mu Januwale, mvula ili pakati, anayamba kutopa msanga. Akakankha njinga kuchoka pakhonde kufika pamsewu ankapuma wefuwefu. Zikhatho zawo zinayera, milomo inatuwa. Tsiku lina anandiuza ngati nthabwala kuti chimbudzi chawo chikumatuluka chakuda ngati phula, ndipo anati mwina ndi bonongwe amene tinkadya kawirikawiri nthawi imeneyo. Ine ndinati tonse tikudya bonongwe yemweyo, nanga bwanji ndi inu nokha. Ndinawapempha kuti tipite kuchipatala. Anayankha kuti m'mimba simukupweteka, ndiye akakawauza chiyani adokotala. Tinagwirizana kuti tidzapite ukadutsa ukwati wa mnzawo wa kuntchito, umene unali kumayambiriro kwa Febuluwale, chifukwa iwo anali m'komiti ya zakumwa.

Ukwatiwo unachitika Loweruka masana, pabwalo la sukulu ina m'tauni. Ndinali nawo tebulo limodzi, ndiye zimene ndikunena ndinaziona ndi maso anga. Anameza piritsi lawo, anatola nyama pang'ono, ndipo anamwa mabotolo awiri. Itafika nthawi ya perekaniperekani, anaitana gulu la ogwira ntchito ku loji. Bambo a Tadala anaimirira, anayenda pang'ono, n'kuyamba kudzandira. Anthu anaseka poganiza kuti ndi kavinidwe. Kenako anagwira mtengo wa tenti, anagwada, ndipo anasanza. Masanziwo anali akuda ngati matsalira a khofi, osakanikirana ndi magazi ofiira. Thukuta lozizira linali thupi lonse, ndipo nditawaitana sanayankhe bwino.

Amene anatithandiza anali aneba athu, Che Idrisa, amene amagula nsomba kunyanja n'kukagulitsa ku Limbe. Anali paukwatipo chifukwa mkwati anali kasitomala wawo. Anabweretsa galimoto yawo yonyamulira nsomba pafupi ndi tenti, tinawagoneka kumbuyo chammbali, mutu uli pamiyendo panga, ndipo tinathamangira kuchipatala chachikulu cha boma. Pamsewu wonse ndinkawayankhulitsa kuti asatseke maso.

Kuchipatala sanatichedwetse. Anawaika pabedi la odwala mwakayakaya, anawayeza kuthamanga kwa magazi, ndipo anawaika madiripi awiri, mkono uliwonse yakeyake. Anatenga magazi kupita nawo kulabotale. Namwino anandifunsa mafunso ambiri: amwa chiyani, adya chiyani, chimbudzi chakuda chinayamba liti, ndi mankhwala ati amene akhala akumwa. Ndinapisa m'thumba la malaya awo n'kutulutsa mapiritsi onse amene analimo, a m'mimba ndi a mutu omwe. Namwinoyo anawayang'ana, anawaika m'kathumba, ndipo anati ndiwasunge kuti adokotala adzawaone.

Zotsatira zitabwera, anatiuza kuti magazi awo achepa kwambiri ndipo ayenera kuwonjezeredwa tsiku lomwelo. Anawaika botolo loyamba la magazi, ndipo anatipempha kuti achibale amene angathe apereke magazi, chifukwa pankafunika enanso. Achibale a amuna anga ali ku Katuli. Makolo awo anachokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo n'kukhazikika kumeneko, ndipo achimwene awo amalima komweko mpaka lero. Ndinawaimbira foni, koma mvula inali itagwa yambiri, ndipo anati galimoto sizikuyenda bwino, sangafike tsiku limenelo. Ine anandiyeza n'kupeza kuti magazi anga ndi ochepa, sindingapereke.

Che Idrisa anali ataima pakhomo la wodi nthawi yonseyi. Atamva zimenezi anayandikira. Anapinda mkono wa malaya n'kufunsa namwino kumene kuli chipinda choperekera magazi. Anaimbiranso mng'ono wawo kuti abwere. Anthu amenewa ndi Asilamu, mowa sanaulawepo, ndipo ankadziwa bwino chimene chinagwetsa amuna anga. Sanatchulepo mawu amodzi a chitonzo. Potuluka atapereka magazi, Che Idrisa anangondiuza kuti, "Mlamu, limbani mtima. Insha Allah adzuka. Akazi anga abwera ndi madzi ndi zofunda."

Masiku otsatira anali a kudikira. Bambo a Tadala anawasamutsira ku wodi ya amuna, ndipo anawaletsa kudya ndi kumwa chilichonse mpaka adokotala atalola. Mankhwala ochepetsa asidi ankawapatsira m'diripi. M'mawa uliwonse magadiyani tinkatuluka kuti akolope, n'kukakhala pansi pa mtengo panja mpaka madokotala atamaliza kuzungulira. Ntchito yanga inali kuwapukuta, kuwatembenuza, kuwachirikiza popita kuchimbudzi, ndi kuyang'ana mtundu wa chimbudzicho kuti ndikauze namwino. Sindinaganizepo kuti ndidzafika posangalala ndi chinthu chotero, koma tsiku limene chinayamba kusintha kuchoka kukuda, ndinathamanga kukanena ngati ndalandira mphatso.

Kukhitchini ya magadiyani ndinaphunzira kuphika phala lamadzimadzi lopanda mchere wambiri, limene anawalola kuyamba nalo. Ankamwa masipuni ochepa n'kutopa. Pabedi loyandikana ndi lawo panali bambo wina wachikulire amene anabwera ndi vuto lofanana, koma anafika mochedwa kwambiri. M'mawa wina titabwerera m'wodi tinapeza bedi lake layalulidwa. Amuna anga anayang'ana bedilo nthawi yaitali. Ine ndinatuluka panja, ndinalira, ndinasamba kumaso, n'kubwerera ndi phala. Ndinali nditatsimikiza mumtima kuti ndidzatuluka nawo m'chipatalamo akuyenda okha.

Atayamba kupeza mphamvu, dokotala wamkazi amene ankawaona anandiitana kuti ndikhalepo pamene akuwafotokozera. Anayala mapiritsi aja pabedi n'kufunsa mmene ankawamwera. Bambo a Tadala anafotokoza zonse, osabisa. Dokotalayo sanakalipe. Anati mapiritsi ochepetsa asidi ndi abwino, ndipo ntchito yake ndi kupatsa chilonda mpata woti chipole. Koma mowa umachita zotsutsana nazo: umapsereza khungu la m'kati mwa chifu, ndipo mowa wa m'botolo ndi vinyo zimachititsa kuti asidi atulukenso wambiri. Anati burufeni ndi asipirini nazonso zimadya khungu lomwelo ndipo zimapangitsa kuti chilonda chitaye magazi mosavuta, makamaka zikamwedwa m'mimba mopanda kanthu.

"Bambo," anatero, "ululu uja ndi umene ukanakuchenjezani kuti musiye. Mapiritsi anauzimitsa, koma chilonda chinali pomwepo, ndipo inu munkachithira mowa tsiku ndi tsiku osamva kanthu."

Ine ndinafunsa za kuledzera msanga kuja, chifukwa nkhaniyo inkandivutabe. Anayankha kuti mwa anthu ena, simetidini amachedwetsa thupi kuphwanya mowa, ndiye wochuluka umalowa m'magazi kuposa mmene munthu anazolowerera. Anati si onse amene zimawachitikira, ndipo pakokha kusinthako sikukhala kwakukulu nthawi zonse. Koma munthu akakhala kuti sanadye, ndiponso magazi ake akuchepa chifukwa chotayikira m'mimba, mabotolo awiri akhoza kumugwetsa ngati wamwa ambiri. Nditamva zimenezi ndinayang'ana amuna anga. Miyezi yonse ija ankandiuza zoona kuti amwa awiri okha.

Dokotala anawonjezera kuti tsopano awasinthira ku mankhwala ena otchedwa omepurazo. Anati amenewa sadziwika kuti amawonjezera kuledzera, koma tisamve molakwa, chifukwa palibe piritsi la m'mimba limene limateteza munthu ku mowa. Anatilemberanso kalata yoti tipite kuchipatala chachikulu ku Zomba kuti akaone m'kati mwa mimba.

Tinatuluka m'chipatala pakati pa Febuluwale, ndipo anayenda okha kuchoka pabedi kufika pageti, ngakhale tinaima kawiri kuti apume. Ulendo wa ku Zomba tinapita kumapeto kwa mwezi womwewo. Tinanyamuka m'mamawa pa minibasi iwo asanadye kanthu, monga anatiuzira. Tinadikira pabenchi mpaka masana. Anawapopera mankhwala kukhosi n'kulowetsa kapaipi kokhala ndi kamera. Amuna anga anati sizinapweteke kwenikweni, koma zinali zosautsa. Anapeza chilonda pamene chifu chimalumikizana ndi matumbo, ndipo chinali chitayamba kupola. Anatiuza kuti si khansa, ndipo apa ndinapuma.

Anatiuzanso kuti apeza kachilombo. Mawu amenewa anandiopsa, chifukwa kuno munthu akati kachilombo timaganiza chinthu chimodzi. Namwino ataona nkhope yanga anafotokoza msanga kuti ndi kachilombo ka m'mimba, kamene anthu ambiri ali nako osadziwa, kamene kamayambitsa zilonda, ndipo kamafa ndi mankhwala. Anawapatsa mapiritsi a mitundu itatu oti amwe pamodzi kwa milungu iwiri osadumphitsa. Pa mtundu umodzi, wotchedwa metironidazo, anatsindika kwambiri kuti asayerekeze kulawa mowa wa mtundu uliwonse, ngakhale pang'ono, mpaka patapita masiku angapo mankhwalawo atatha.

Kunyumba zinthu sizinali zophweka. Mankhwala ankawasiyira kuwawa m'kamwa ndipo chakudya sichinkakoma. Ankakwiya ndi zinthu zazing'ono. Dzuwa likamapendeka, nthawi imene anazolowera kutsegula botolo, ankazungulira pabwalo osadziwa chochita. Ndinasuntha makina anga osokera kuti ndikhale pafupi ndi mpando wawo, ndipo ndinkawapatsa ntchito yosomola ulusi ndi kusita zovala zomaliza kuti manja asakhale chabe. Ndinkawapatsa chakudya pang'onopang'ono koma kangapo pa tsiku: phala la soya, mbatata yophika, nsomba yowiritsa, nyemba ndi masamba kuti magazi abwerere.

Ngakhale zinali choncho, tinapunthwa kamodzi. Sabata yachiwiri ya mankhwala aja, anzawo awiri a kuntchito anabwera kudzawazonda ine nditapita kumsika kukagula zipi ndi mabatani. Anabweretsa botolo la vinyo wofiira, n'kuwauza kuti vinyo si mowa weniweni, ndipo amawonjezera magazi. Ankanena ndi mtima wabwino, chifukwa ambiri amakhulupirira zimenezi. Bambo a Tadala anamwa theka la kapu. Pamene ndinkafika ndinawapeza atakhala pansi pakhonde, nkhope itafiira, mutu ukuwawa, mtima ukugunda mwamphamvu moti ndinkauona pamalaya. Anasanza kangapo. Ndinayang'anitsitsa masanziwo ndipo munalibe magazi, komabe sindinafune kudikira. Ndinaitana kabaza ndipo tinabwerera kuchipatala.

Anawayeza n'kupeza kuti chilonda sichinatsegukenso. Namwino anati mankhwala aja ndi mowa siziyenderana, ndipo kusanza kwamphamvu kotero kukanatha kung'amba pamene panali kupola. Anawaika diripi imodzi, anawasunga mpaka mtima utakhazikika, n'kutilola kubwerera. Pobwerera sindinawakalipire. Ndinali nditatopa kwambiri. Titafika anakhala pampando wawo nthawi yaitali, kenako anandiitana.

"Mayi a Tadala," anatero, "ndaona. Thupi ili ndi mowa zasiyana. Sindikunena za milungu iwiri ayi. Ndasiya."

Ndinawayankha kuti ndamva, ndipo tiona limodzi. Sindinawauze kuti ndakhulupirira, chifukwa ndinkadziwa kumene amagwira ntchito.

Nkhani ya ntchito inali yovuta kuposa ya mankhwala. Ine ndinkafuna kuti asiyiretu, chifukwa sindinkaona mmene munthu angakhalire pakati pa mabotolo tsiku lonse osalawa. Iwo anati ntchito imeneyo ndi imene akuidziwa, ndipo ana athu awiri ali pasukulu. Tinakambirana masiku angapo, ndipo pomaliza tinagwirizana kuti tipite limodzi kwa abwana awo. Ndinavala chitenje changa chabwino n'kukwera nawo minibasi, chifukwa njinga anali asanayambenso kuyendetsa. Anafotokoza okha zonse zimene zinachitika, ndipo anapempha kuti awachotse kaye pa bala. Abwanawo anavomera kuwaika kumalo odyera, mbali ya chakudya cha m'mawa, kuti aziweruka masana ndiponso azidya pa nthawi yake.

Anagwira kumeneko nyengo yonse yozizira. Mankhwala a kachilombo ka m'mimba anamaliza onse, ndipo omepurazo anapitiriza mpaka nthawi imene adokotala ananena kuti asiye. Tinkapita kukaonedwa monga anatilembera, ndipo ulendo uliwonse ndinkalowa nawo m'chipinda cha adokotala kuti ndimve ndekha. Magazi anakwera pang'onopang'ono. Zikhatho zinayambanso kufiira. Mu Meyi anapita ku Katuli kukathandiza achimwene awo kukolola, ndipo anabwerako atanyamula thumba la chimanga kumbuyo kwa njinga, n'kulitsitsa okha.

Anzawo ena a Lolemba anasiya kubwera. Zimenezi zinawapweteka, ngakhale sankanena. Ena ankawaseka kuti akazi awo awaika m'botolo. M'malo mwake anayamba kumakhala ndi Che Idrisa masana a Lolemba, kuwathandiza kukonza galimoto ija kapena kusewera bawo pansi pa mtengo wa mango. Pali masiku amene chilakolako chinkabwera mwamphamvu, makamaka kukatentha, ndipo ankandiuza poyera m'malo mobisa. Tikatero ndinkawapangira madzi ozizira a malambe, kapena tinkangoyenda limodzi kukafika ku mlatho n'kubwerera.

Alendo atayambanso kuchuluka, abwana anawafunsa ngati angabwerere pa bala, chifukwa panalibe wina wodziwa ntchitoyo ngati iwo. Anabwera kudzandifunsa maganizo. Ndinachita mantha, koma ndinaona kuti munthu amene ndinali naye sanalinso yemwe uja. Anabwerera. Mlendo akati atenge limodzi lawo, amathokoza n'kutenga botolo la madzi kapena kupempha kuti mtengo wa botololo aulembe ngati mphatso ya ndalama. Zosakaniza zimene zimafunika kulawa amalawitsa mnzawo. Chakudya amanyamula kuchokera kunyumba, ndipo nthawi ikakwana amadya, kaya pa bala pali anthu kaya palibe.

Lero papita chaka ndi miyezi ingapo chigwereni paukwati paja. Bambo a Tadala ali bwino. Sakumwa mankhwala alionse a m'mimba, ndipo chilungulira chimabwera mwa apo ndi apo akadya mochedwa kapena zamafuta ambiri. Mutu ukawawa amamwa parasetamo yekha, monga anawalangizira. Tsabola amaika pang'ono. Mowa sanaulawenso kuyambira tsiku la vinyo lija. Sindikunena kuti nkhondoyi yatha, chifukwa tsiku lililonse amapita kumalo kumene mowa uli pafupi ndi dzanja, koma tsiku lililonse amabwerako ali bwinobwino.

Kwa amene mukuvutika ndi kutentha pachifuwa kapena kupweteka m'mimba kosatha, pitani kuchipatala msanga, ndipo mukawauze adokotala zoona za mowa umene mumamwa ndi mapiritsi onse amene mumagula nokha. Mukapatsidwa mankhwala ochepetsa asidi, funsani ngati akuyenderana ndi zimene mumamwa, ndipo musaone kutha kwa ululu ngati kutha kwa matenda. Mankhwala akatha bwererani kuchipatala, musangopitiriza kugula. Mukaona chimbudzi chakuda ngati phula, masanzi a magazi kapena akuda, chizungulire, kapena kutopa kosadziwika bwino, musadikire ukwati, malipiro kapena Lolemba. Pitani tsiku lomwelo. Ndipo inu amene muli ndi wodwala pakhomo, mulowe naye kwa adokotala, chifukwa wodwala amafika kunyumba ndi malangizo okhawo amene iye wawakonda.

Mwezi watha bambo wina amene amaphika ku loji komweko anawakokera pambali amuna anga. Anati nayenso pachifuwa pakumuwotcha, ndipo anapempha dzina la mapiritsi aja kuti akagule, azimwa asanapite kokasangalala. Bambo a Tadala anakana kumuuza dzinalo. Anamufunsa tsiku limene amapuma, ndipo m'mawa wa tsikulo anapita kukamutenga kunyumba kwake pa njinga yamoto, anamuperekeza kuchipatala, n'kukhala naye pamzere mpaka dzina lake litaitanidwa.